Tisathawe pangano la chitetezo cha SADC, tilikonze

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe anzanga amene akumanena kuti Malawi asiyiretu kutumiza asilikali ku nkhondo za eni. Mau amenewa adakula mu Januwale 2025, asilikali athu atatu ataphedwa kum'mawa kwa Congo, komwe adapita m'dzina la bungwe la SADC kukalimbana ndi zigawenga za M23.

Chisoni ndili nacho, koma ife a pa Nkaya tisaiwale msanga. Njanji yochoka pano kudzera ku Liwonde ndi Nayuchi kupita ku doko la Nacala idatsegulidwa mu 1970. Nkhondo ya Renamo ndi boma la Frelimo itakula, pofika 1984 sitima zidaleka kufika ku dokolo. Katundu wathu adayamba kuzungulira ku Durban, ndipo feteleza ndi mafuta zidakwera mtengo. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira kuno. Nkhondo idali ya eni, koma idatipeza m'nyumba. Mpake kuti mu 1987 boma la Kamuzu lidatumiza asilikali kukalondera njanjiyo mkati mwa Mozambique. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Maiko a SADC adaiona mfundo imeneyi. Mu 1996 adakhazikitsa nthambi yoona za ndale ndi chitetezo. Mu 2003 ku Dar es Salaam adasaina pangano loti kuthira nkhondo dziko limodzi ndi kuopseza mtendere wa onse. Mu 2007 ku Lusaka adakhazikitsa gulu la asilikali a maiko onsewa lokhala chire.

Papepala zonsezi nzabwino, vuto lili pochita. Asilikali a SADC amene adapita ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, mu 2021 adachokako mu 2024, mwa zina chifukwa ndalama zidaperewera. Ku Congo atsogoleri adathetsa ntchitoyo mu Malichi 2025, mzinda wa Goma utagwa kale m'manja mwa M23. Kodi nkoyenera kutuma mwana wa mwini kunkhondo usadawerenge za m'thumba?

Pempho langa ndi ili. Maiko onse a SADC azisonkha ndalama za chitetezo chaka ndi chaka, nkhondo isadabuke. Katundu asamasiyidwe kwa maiko atatu okha monga zidachitikira Malawi, Tanzania ndi South Africa ku Congo. Msilikali asadakwere ndege, aphungu athu azikambirana poyera ku Nyumba ya Malamulo za kumene akupita, zida zimene watenga ndi nthawi yobwerera. Akafera komweko, mkazi ndi ana ake asamalidwe msanga.

Mafumu, abusa ndi ansembe, inu amene mumatsogolera mwambo wa maliro a anyamata amenewa, afunseni aphungu mafunsowa. Lero sitima za malasha a ku Moatize zikudutsa pano chifukwa kutsidya kwa Nayuchi njira ili yotsekuka. Tsiku limene idzatsekekenso, tidzawafuna anansi athu.

Wokhudzidwa,
Nkaya, Balaka.