MALAWI: Lamulo lichokera ku Capital Hill, katundu asenza ndi mphunzitsi wamkulu

LILONGWE – Pamene Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza m'mwezi wa Okutobala 2025 kuti kuyambira Januwale 2026 ana aziphunzira ulere m'sukulu za sekondale za boma, makolo ambiri mitima idakhala pansi. Koma kwa aphunzitsi aakulu, mawu otere amabwera ndi mafunso. Iwo amafuna chikalata cha unduna wa zamaphunziro chowauza ndalama zomwe asiye kutolera, zomwe boma lizitumiza m'malo mwake, ndi nthawi yomwe ndalamazo zizifika pasukulu.

Zomwe zachitika m'zaka zoposa 30 zapitazi, ku Malawi ndi m'maiko oyandikana nawo, zikuonetsa kuti mfundo ya zamaphunziro imaphula kanthu kapena kulephera kaamba ka zinthu zomwe zabwera limodzi ndi chikalatacho. Pamene palibe chomwe chabwera, makolo amaloza chala mphunzitsi wamkulu, poti ndiye boma lomwe iwo amaliona ndi maso.

Njira yomwe chikalata chimadutsa

Malangizo a unduna amasainidwa ndi mlembi wamkulu wa zamaphunziro ku Capital Hill mu mzinda wa Lilongwe. Kuchokera kumeneko amapita ku zigawo zisanu ndi chimodzi za maphunziro ndi ku maofesi 34 a zamaphunziro a m'maboma. Sukulu za pulayimale zili m'manja mwa makhonsolo potsatira ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya m'chaka cha 1998, ndipo uthenga umafika kwa aphunzitsi aakulu kudzera mwa alangizi a m'mazoni omwe amadziwika kuti ma PEA.

Njirayi ndi yaitali, pomwe wailesi ndi mafoni a m'manja sizichedwa. Nthawi zambiri kholo limamva chilengezo cha nduna madzulo, m'mawa n'kufika pasukulu ndi mafunso, mphunzitsi wamkulu asanalandire pepala lililonse.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Zikalata za boma zimalembedwa m'Chingerezi, koma misonkhano ya komiti yoyendetsa sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi komanso mafumu imachitika m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chiyankhulo china cha m'deralo. Choncho mphunzitsi wamkulu amasanduka womasulira. Mawu omwe unduna walemba mosamveka bwino, sukulu iliyonse imawamva mwa njira yakeyake.

Phunziro la 1994

Chitsanzo chachikulu ndi cha maphunziro aulere a pulayimale omwe boma la Bakili Muluzi lidayambitsa mu 1994. M'miyezi yochepa, chiwerengero cha ana olembetsa chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma lidalemba ntchito mofulumira aphunzitsi pafupifupi 20,000 omwe adali asanapite ku sukulu ya uphunzitsi, ndipo ambiri adaphunzitsidwa pambuyo pake ali kale pantchito, kudzera mu pologalamu ya MIITEP yomwe idayamba mu 1997.

Mfundoyo idatsegulira khomo ana a m'mabanja osauka omwe kale sankalota n'komwe za sukulu. Koma walira mvula walira matope. Makalasi adasefukira, ana ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo ndalama zomwe sukulu zinkagulira choko ndi kukonzera zitseko zidatha. Kwa zaka zoposa khumi, sukulu za pulayimale sizinkalandira ndalama m'manja kuchokera ku boma. Thandizo lopita mwachindunji ku sukulu lidayamba mu 2006, ndipo ndalama zotukulira sukulu, zomwe zimadziwika kuti SIG, zidayamba cha m'ma 2010.

M'zaka zonsezo makomiti a sukulu adadzithandiza popempha makolo kusonkha ndalama za chitukuko. Unduna wakhala ukunena mobwerezabwereza kuti mwana asabwezedwe kaamba kolephera kupereka ndalamazi, koma mlonda wa pasukulu amafunabe malipiro ake mwezi ukatha. Mphunzitsi wamkulu amakhala pakati pa lamulo loletsa kukakamiza makolo ndi ngongole zomwe palibe wina woti azibweze.

Chikalata chopanda mabuku

M'mwezi wa Marichi 1996, unduna udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo chawo chobadwira, ndipo Chingerezi chiziyamba kukhala chiyankhulo chophunzitsira mu Sitandade 5. Izi zidasintha mfundo yomwe idakhazikika pambuyo pa 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko lonse.

Akatswiri a ziyankhulo adagwirizana ndi ganizoli, poti mwana amaphunzira msanga kuwerenga m'chiyankhulo chomwe amachimva. Koma chikalatacho chidafika chokha. Mabuku adali a m'Chichewa ndi Chingerezi, aphunzitsi sadaphunzitsidwe kaphunzitsidwe katsopano, ndipo ankatumizidwabe m'madera osaganizira chiyankhulo chomwe amayankhula. Mphunzitsi wamkulu wa ku Mangochi kapena ku Karonga adalibe chogwiritsa ntchito, ndipo m'sukulu zambiri zinthu zidapitirira monga kale.

Lamulo latsopano la zamaphunziro la 2013 lidati Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna udalengeza kuti izi ziyambira mu Sitandade 1. Apanso kalasi siidasinthe tsiku limodzi, chifukwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa kumudzi samva Chingerezi, ndipo mphunzitsi amakakamizika kubwerera ku chiyankhulo cha mwanayo kuti phunziro lipite patsogolo. Malamulo awiri otsutsanawa adalephera kusintha kalasi pa chifukwa chimodzi.

Kusiyana kudaoneka mu 2016 pamene boma, mothandizidwa ndi maiko a America ndi Britain, lidayambitsa pologalamu yophunzitsa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi m'dziko lonse. Nthawi iyi malangizo adabwera ndi mabuku a ana, mabuku otsogolera aphunzitsi ndi maphunziro a m'mazoni, ndipo kaphunzitsidwe ka m'makalasi oyambirira kadatsatira zomwe zidalembedwa.

Pamene ufulu wa mwana uli m'manja mwa munthu mmodzi

Malangizo ena safuna ndalama zambiri, koma amafuna kuti amveke bwino ndi kulondolozedwa. Kuyambira mu 1993, Malawi ali ndi mfundo yolola mtsikana yemwe watenga pathupi kubwerera ku sukulu akabereka. Mfundoyi idaunikidwanso mu 2006 ndi mu 2018, mwa zina chifukwa aphunzitsi aakulu, makolo ndi atsikana eniake ambiri sankadziwa ndondomeko yake.

Kusamvetsa koteroko kumapweteka ana. Mu 2016, m'boma la Nkhata Bay, atsikana omwe adapezeka ndi pathupi pasukulu ina adatengeredwa kubwalo la majisitileti pamodzi ndi makolo awo, komwe adalipitsidwa chindapusa. Mu 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu lidagamula kuti zomwe zidachitikazo zidali zosemphana ndi malamulo, poti kutenga pathupi si mlandu.

Nkhani ya ana a chipembedzo cha Rastafari ndi yofanana. Kwa zaka zambiri sukulu za boma zinkabweza ana osunga tsitsi la madiredi, potsatira chizolowezi chakuti mwana wa sukulu azimeta. Pa 8 Meyi 2023, Jaji Zione Ntaba wa bwalo lalikulu la milandu ku Zomba adagamula kuti mchitidwewu ukuphwanya malamulo aakulu a dziko, ndipo adalamula unduna kuti pofika pa 30 Juni chaka chomwecho ukhale utatumiza chikalata ku sukulu zonse za boma. Bwalolo lidazindikira kuti chigamulo chake sichingathandize mwana pokhapokha chitafika patebulo la mphunzitsi wamkulu, yemwe ndiye amalemba kapena kubweza mwana pakhomo la sukulu.

Nkhani ziwirizi zikusiyana ndi malamulo otseka sukulu. Sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Marichi 2020 kaamba ka mliri wa Covid-19. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adatseketsa sukulu m'chigawo cha kummwera. Malamulo amenewa adatsatidwa nthawi yomweyo chifukwa adali achidule, aliyense adawamva pawailesi, ndipo sankafuna ndalama. Izi zikusonyeza kuti aphunzitsi aakulu si anthu okana kumvera. Amavutika pamene lamulo likufuna zinthu zomwe alibe, kapena pamene likusemphana ndi maganizo a anthu omwe amakhala nawo m'mudzi.

Zomwe maiko oyandikana nawo achita

Dziko la Zambia lidathetsa fizi mpaka Giredi 12 mu Januwale 2022, boma la Hakainde Hichilema litangolowa. Chaka chomwecho lidalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, lidawonjezera ndalama zopita ku sukulu, ndipo thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu lidakwezedwa kuchoka pa 1.6 miliyoni kufika pa 25.7 miliyoni kwacha za dzikolo pa dera lililonse. Gawo la ndalamazi limagulira madesiki ndi kulipirira ana osowa m'sukulu zogonera komweko. Ngakhale zidatero, makalasi adadzaza kupyola muyezo m'madera ambiri.

Ku South Africa, sukulu zosalipiritsa fizi zidakhazikitsidwa m'dziko lonse mu 2007. Sukulu zimaikidwa m'magulu asanu malinga ndi umphawi wa dera, ndipo boma limasindikiza poyera ndalama yomwe mwana aliyense akuyenera kulandira pachaka. Ndondomekoyi ili ndi zofooka zake, poti zigawo zina zimapereka zochepera kapena mochedwa, koma mphunzitsi wamkulu amadziwa chiwerengero choti afunse nacho.

Pa nkhani ya atsikana, Zambia idayamba kuwalola kubwerera ku sukulu mu 1997. Zimbabwe idapita patsogolo mu 2020 poika m'lamulo la zamaphunziro kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa cha pathupi kapena kulephera kulipira fizi. Ku Tanzania, Pulezidenti John Magufuli adanena mu 2017 kuti atsikana obereka asabwerere m'sukulu za boma, ndipo boma la Samia Suluhu Hassan lidachotsa chiletsochi mu Novembala 2021. Chitsanzo cha Tanzania chikuonetsa kuti ufulu womwe wangodalira mawu a mtsogoleri kapena chikalata cha unduna ungathe kusintha mtsogoleri akasintha.

Funso lomwe likudikira yankho

Aka si koyamba kuti Malawi achepetse ndalama za ku sekondale. Mu 2018 boma lidachotsa fizi yolipirira maphunziro, koma sukulu zidapitiriza kutolera ndalama za chitukuko, zomwe ndizo zinkalemera kwambiri makolo. Sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, ma CDSS, zomwe ndi zochuluka kuposa zina zonse ndipo zimaphunzitsa ana ambiri a kumudzi, zakhala zikudalira ndalama zimenezi polipira alonda, madzi, magetsi ndi mapepala a mayeso.

Kuchokera pa zomwe zidachitika mu 1994, 1996 ndi 2018, zinthu zitatu ndizo zimaonetsa ngati chikalata chigwire ntchito. Choyamba ndi chakuti chizitchula ndalama yomwe sukulu ilandire ndi nthawi yake, ndipo ndalamayo izifika teremu isanapite patali. Chachiwiri ndi chakuti chizilembedwa momveka ndi kumasuliridwa m'ziyankhulo zomwe makomiti ndi makolo amagwiritsa ntchito. Chachitatu ndi chakuti pakhale njira yoti mphunzitsi wamkulu abwezere mawu ku unduna popanda kuopa kuti amusamutsa kapena kumutsitsa paudindo.

Ngati ndalama za boma zichedwa, mphunzitsi wamkulu amatsala ndi njira ziwiri: kuphwanya lamulo popempha makolo mwamseri, kapena kulitsatira n'kuona madzi akudulidwa ndi mayeso akulephereka. Njira zonsezi zimapweteka mwana yemwe mfundoyo idafuna kumuthandiza, makamaka wa m'sukulu zoyendera za kumudzi komwe makolo alibe kwina kothawira.