Adiventi si Msika wa Mponela

Achinyamata anzanga, tikumubera Mulungu masabata ake. Adiventi ikangoyamba, mitima yathu imakhala itafika kale pa 25 Disembala: wina akusankha kaunjika pa msika wa Mponela, wina ku Malomo akuwerengera ndalama za mbuzi ndi mpunga, makwaya nawo akuphunzira nyimbo za Khirisimasi mpaka mdima, osapeza ndi mphindi zisanu zomwe zogwada pamaso pa Ambuye.

Musanamizire kumunda. Mvula ikagwa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi khasu silidikira munthu, ndipo mlimi wopalira chimanga yekha m'mamawa amadziwa bata kuposa ife tonse. Chimene ndikutsutsa ndi phokoso lodzipangira dala: foni m'manja, masipika pa golosale iliyonse, ndi zolengeza zoyamba anthu asanathe n'komwe kuthokoza atalandira Ukaristia.

Si mwangozi kuti Eklezia amasiya nyimbo ya Ulemu pa Misa za Lamulungu m'nyengo ino. Amafuna tiimvere njala, kuti usiku wa Khirisimasi imveke ngati yatsopano. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unalamula mu 1963 kuti pa mapemphero a Eklezia pazikhala nthawi yokhala chete. Yosefe Woyera, amene Mthenga Wabwino sunasunge liwu lake ngakhale limodzi, ndiye anamva mngelo napulumutsa Mwana m'manja mwa Herode.

Atsogoleri a kwaya, Lamulungu likubwerali tikalandira Ukaristia, ng'oma igone pansi mphindi zitatu. Zolengeza zidikire.