Zimitsani ka Speaker, Mbalame Ili pa Mazila

Masiku ano achinyamata ambili mu Lusaka ayamba kukonda mbalame, ndipo ichi n'chinthu chabwino. Pa weekend mupeza tumagulu ku Lusaka National Park, ena afika mpaka ku Lochinvar olo ku Mfuwe, kamela pakhosi, Merlin mu foni. Koma pamodzi na makamela pabwela khalidwe loipa limene tifunika kulikana likalibe kuzika mizu: kuliza kulila kwa mbalame pa foni olo pa ka speaker ka Bluetooth kuti mbalameyo ituluke m'chitsamba ijambulidwe. Amene amachita izi amati ni playback, ndipo amazikamba monga ni luso. Palibe luso apa, ni kunamiza chabe.

Ganizilani zimene zimachitika kumbali ya mbalame. Yamphongo ikamaimba siimbila imwe. Ikamba zinthu ziwili: malo ano ali na mwine wake, ndipo nifuna mkazi. Manje ikamva nyimbo ya mtundu wake ikuchokela pakati pa malo ake, kwa iyo mdani walowa. Imaleka kudya, imaleka kupelekela ana chakudya, imauluka uku na uku kusakila mdani amene kulibe. Chija chithunzi chimene mumanyadila, mbalame itatukula mutu, mlomo uli yasa, nthenga zitaima, ni chithunzi cha mbalame yokalipa komanso yamantha. Nthawi yonseyo chisa chili chokha, ndipo njoka, anyani na akhwangwala sapita ku holide.

Chitsanzo chimene chimanibaba kwambili ni African pitta. Ni kambalame kobiliwila kumsana, kofiila kumimba, kamadontho a buluu owala pamapiko. Kamabwela na mvula, cha mu November na December, kudzabeleka m'zitsamba zothinana za m'chigwa cha Zambezi na cha Luangwa. Ni kamanyazi, kamakonda kuyenda pansi m'masamba ouma, ndipo kamalila kwambili masabata ochepa chabe kuchiyambi kwa mainza. Anthu amalipila ndalama zambili, ena kuchokela kunja kwa dziko, kuti akaone. Vuto ni yakuti malo odziwika kumene kamapezeka ni ochepa, ndipo aliyense amapita komweko. Imwe mudzati nalizako mphindi ziwili chabe. Zoona. Koma pitta imene mwailizila pa Chisanu, ena ailizila pa Chiwelu, motoka ina yafika pa Sondo. Aliyense aona mphindi zake ziwili, mbalame ndiye iona nyengo yonse yobelekela ikuthela kumenyana na mafoni.

Nidziwa yankho imene imabwela: nanga ofufuza saliza? Amaliza, inde. Koma amaliza kuti awelenge mbalame, amalemba zimene apeza, ndipo mu park amayamba atenga chilolezo ku DNPW. Zimene apeza zingathandize kuteteza nkhalango imeneyo. Imwe mukatenga chithunzi, chimathela pa Instagram, mawa lake anthu aiwala.

Yankho ina ni yolemelako, ndipo sinifuna kuiseka. Ba guide ali na ana ku sukulu. Mlendo akabwelela osaona mbalame imene anabwelela, tip imachepa, ndipo chaka chamawa amasakila guide wina amene saopa kutulutsa speaker. Ndiye chifukwa chake mlandu siniuika pa ba guide, niuika pa ise olipila. Ngati ndimwe munapanga ulendo, kambani musanakwele motoka: ba guide, ise sitifuna playback, ndipo tip yanu siidalila pitta. Mawu awa amamasula munthu. Kuwasiya osakamba, kenako n'kuyamba kufwenya nkhope dzuwa likakwela, ni kumuuza kuti aliza.

Mtima umodzimodziwo umaonekela kwina. Cha mu September na October, ma carmine bee-eater amakumba mauna m'zipupa za mchenga za mtsinje wa Luangwa, mazanamazana pamalo amodzi, chipupa chonse chili psuu. Wina amaomba m'manja kuti zonse ziuluke nthawi imodzi, ati chithunzi chikhale na moyo. Wina amaimilila pamwamba pa chipupacho, osaganiza kuti pansi pa nsapato zake pali mauna a mchenga ali na mazila.

Ndiye pali nkhani ya kulengeza malo. Ku Bangweulu, ana a shoebill amabedwa m'zisa kukagulitsidwa, ndipo kawilikawili shoebill imalela mwana mmodzi chabe. Asodzi a kumeneko amalonda zisa, mogwilizana na African Parks imene ithandiza kuyang'anila malowo kuyambila mu 2008. Munthu wa m'bwato asunga chisa miyezi, wa m'tauni abwela tsiku limodzi, aika chithunzi pa Facebook pamodzi na malo ake enieni. Wakuba nayenso ali na data, mwandi. Olo eBird imabisa malo a mitundu ina ya mbalame pa chifukwa chimenechi, nanga imwe ndimwe ndani kuti muike pin?

Ena adzafunsa kuti popanda speaker mbalame tiziiona bwanji. Monga mmene anali kuionela ambuya anu, amene anadziwa nkhwazi na njiwa pa kulila kwake alibe app. Merlin ija igwilitseni nchito kunyumba, mumvetsele na ma earphone mpaka khutu lizolowele. Kuthengo fikani 06 hours isanakwane, valani zosawala, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, pezani pamene mbalame imadyela, khalani pansi, tsekani pakamwa. Tengani Chaplin's barbet, mbalame imene simupeza m'dziko lina lililonse koma Zambia. Moyo wake wonse uli pa mikuyu: imadya nkhuyu, ndipo imabelekela m'mphako za nthambi zouma. Pitani cha ku Choma, pezani mkuyu wa nkhuyu zakupsa pamalo oyela, khalani chapatali foni ili m'thumba. Mungayembekezele ola lathunthu, mwina awili, nyelele zikukwelani m'miyendo. Ikabwela imakonda kutela pamwamba penipeni pa mtengo, yoyela mbee, tofiila m'maso, ndipo ngati simunyamuka imakupatsani nthawi yokwanila kusintha ma setting a kamela kawili.