Kodi galimoto ingalowe m'malo mwa khola la ng'ombe?

Sabata yatha ndinali kumudzi kwathu kwa Kabudula. Ndili pakhonde kuswa mtedza, anatulukira mwana wa mlongo wanga, foni ili m'manja, nkhope ili mwee. Chaka chino fodya wamuyendera bwino ku okushoni ku Kanengo, ndiye ndinadziwiratu kuti ndalama ija yayamba kumuyabwa.

"Amalume, taonani iyi," anatero uku akundipatsa foni. Pachithunzipo panali Toyota Altezza yofiira, imene wina akuigulitsa mumzinda wa Lilongwe. "Ndikufuna ndigulitse ng'ombe ziwiri, ndiphatikize ndi ya fodya ija. Si yongoyendera ayi. Galimoto izi zikusowa. Pakatha zaka khumi ndidzaigulitsa mtengo wowirikiza."

Ndinafuna kuseka, koma chikumbumtima chinandigwira pakamwa. Ine ndemwe ndinataya chuma cha mtundu umenewu, ndipo ndinachitaya ndi manja awiri.

Malemu bambo anga anali ndi Peugeot 404 ya pikapu imene anagula kwa munthu ndili mwana. Inanyamula mabelo a fodya, inathamangira ndi odwala kuchipatala ku Namitete pakati pa usiku, inanyamula akwati, inanyamulanso maliro. Injini itatopa, anaikankhira pansi pa mtengo wa mango ndipo nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Bambo atatisiya kunabwera anyamata ogula zitsulo zakutha. Ndinawapatsa yonse, ndalama yake ndinagula feteleza amene anathera m'munda chaka chomwecho. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti 404 si galimoto wamba. Inapambana mpikisano wa East African Safari kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo ku Kenya anapitiriza kuipanga mpaka 1991. Lero ku Ulaya kuli anthu amene amaisakasaka, kuikonza bwinobwino n'kumaisunga ngati dzira.

Choncho mphwangayo sakulota. Zoti galimoto ina imatha kukalamba mtengo wake n'kumakwera ndi zoona. Amene anakhalako ku Joni akuidziwa BMW 325iS, imene kumeneko amaitcha gusheshe. Inapangidwira South Africa yokha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zonse pamodzi zinangokwana pafupifupi 500. Anyamata a ku Soweto ankaizunguza pabwalo mpaka matayala kufuka utsi. Lero yosamalika bwino imagulidwa mtengo woposa wa galimoto zambiri zatsopano. Ku America nako, Toyota Supra imene Paul Walker anayendetsa mufilimu ya The Fast and the Furious inagulidwa madola 550,000 mu 2021.

Funso ndi lakuti, mwa galimoto zaliwiro zimene tikuziona lero, ndi ziti zimene zidzatsate njira imeneyi? Palibe mlosi amene angalumbire, koma zakale zija zinasiya mapazi oti tingawalondole. Ine ndimaona zizindikiro zinayi.

Choyamba ndi kuchepa. Chinthu chimene chili pakhomo lililonse sichikwera mtengo. Galimoto iyenera kukhala yoti anapanga zochepa, kapena yoti anasiya kuipanga ndipo zambiri zinatha ndi ngozi ndi dzimbiri.

Chachiwiri ndi mbiri. Galimoto imene inapambana mipikisano, kapena imene inatchuka m'mafilimu, imakhala ndi nkhani yoti mwiniwake azifotokozera alendo. Anthu olemera sagula chitsulo chokha, amagula ndi nkhani yomwe.

Chachitatu ndi chilakolako cha ana. Mnyamata wa zaka 15 amene amatsamira pawindo la galimoto ya eni n'kumameza malovu, akadzafika zaka 45 ali ndi ndalama, adzaifunafuna galimoto yomweyo. Ndiye ukafuna kudziwa idzadule mawa, ona imene ana asukulu akuithamangira lero.

Chachinayi, chimene ife chimatigwetsa, ndi umphumphu. Wogula wa mtundu umenewu amafuna galimoto monga mmene inatulukira kufakitale: injini yake yomwe, utoto wake womwe, mipando yake yomwe, makilomita ochepa, ndiponso mapepala onse ali bwino.

Tikatenga miyeso inayi imeneyi, maganizo anga ndi awa. Mitsubishi Lancer Evolution ili patsogolo. Inatchuka m'mipikisano ya m'misewu yafumbi, ndipo kampani yake inasiya kuipanga mu 2016. Subaru Impreza WRX STI ili pambali pake. Colin McRae anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1995 akuyendetsa Impreza, ndipo injini yake yotchuka ya EJ20 anatsazikana nayo mu 2019. Mwa zatsopano, ndimaloza Toyota GR Yaris, imene inatuluka mu 2020. Musaisokoneze ndi Vitz imene timaidziwa kuno, ngakhale ndi pachibale. Iyi ili ndi injini ya masilinda atatu yokhala ndi turbo, imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo anaipanga ndi cholinga cha mipikisano. Nissan GT-R nayo dzina lake ndi lokhazikika kale. Mtundu wa R34, umene unayamba mu 1999, unakwera mtengo koopsa, ndipo chifukwa chimodzi ndi lamulo la ku America lakuti galimoto ikakwanitsa zaka 25 itha kulowa m'dzikomo mosavuta ngakhale sinapangidwire kumeneko. Chaka chikamayandikira, ogula a ku America amayamba kulimbirana galimotozo m'misika ya ku Japan.

Palinso china chimene chikukankha mitengo. Makampani akuthamangira galimoto zamagetsi ndi za otomatiki. Galimoto ya petulo, yosintha giya ndi dzanja, yolira mokweza, ikunka nisowa. Chimene chikusowa ndicho chidzalilidwe.

Zimene sindikuziika pamndandanda ziliponso. Toyota Mark X anyamata amaikonda, koma inapangidwa yambirimbiri kuyambira 2004 mpaka 2019, ndipo pafupifupi zonse ndi za otomatiki. Galimoto zikuluzikulu za ku Germany zodzaza ndi makompyuta nazo ndimazikayikira. Zikakalamba, kachipangizo kamodzi kakafa, mtengo wokonzera umaposa wa galimoto yonse.

Nanga Altezza ya mphwanga? Ndinamuuza kuti akulitse chithunzi chija. Altezza inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo kunja kwa Japan inkagulitsidwa ndi dzina la Lexus IS. Koma si Altezza iliyonse imene ikusakidwa. Yofunidwa kwambiri ndi RS200 ya magiya asanu ndi limodzi osintha ndi dzanja, imene injini yake Toyota anapanga mothandizana ndi Yamaha. Ya pachithunzi ija inali AS200 ya otomatiki. Utoto wofiirawo unali wopaka kachiwiri, mkati mwa zitseko mukuoneka woyera. Anaidula masipuling'i kuti itsike, anaiika paipi ya utsi yaphokoso, ndipo mipando inali ya galimoto ina. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

"Koma amalume, ndikapeza RS200 yeniyeniyo?" anafunsa.

Apa ndi pamene nkhani inafika pa ife eni, anthu a kwa Kabudula, Nsaru ndi Nambuma. Ndinamufunsa mafunso atatu, ndipo ndikufunsanso aliyense amene ali ndi maganizo ngati akewa.

Udzaisunga kuti? Galimoto zimene zimakwera mtengo zimagona m'nyumba, zofunditsidwa, zimatuluka mwa apo ndi apo. Kwathu kuno galimoto ikagona panja miyezi itatu, makoswe amadya mawaya, dzuwa limang'amba mipando, matayala amauma, batire imafa. Ukati uziyendera, msewu wochoka pa Nsaru kulowa kumidzi nthawi ya dzinja sufuna galimoto yogunda mimba pansi. Ngakhale pa tala wa Lilongwe–Mchinji, kudutsa pa Mpingu, pa Msundwe mpaka pa Namitete, pali njinga za kabaza, ngolo, mbuzi ndi ana asukulu. Liwiro limene walipira ndalama zambiri ulithamangira pati osapha munthu? Ndipo tisanamizane: pamudzi galimoto si ya munthu mmodzi. Mayi akadwala usiku, maliro akagwa, sungauze abale kuti iyi ndi yosunga. Idzanyamula, ndipo ndi bwino kuti inyamule. Koma ikatero yasiya kukhala chuma chosunga, yasanduka galimoto ngati zina zonse.

Udzagulitsa kwa yani? Ogula a ku America ndi ku Ulaya amapita ku Japan, kumene galimoto zili ndi mbiri yolembedwa ndipo sizinalaweko maenje athu. Yathu inabwera kale pa sitima mpaka ku Dar es Salaam, inalowa pa Songwe, tinalipira msonkho ku MRA, umene umakwera galimoto ikakhala yakale kapena ya injini yaikulu. Kuti ibwererenso kutsidya kwa nyanja, ndalama ina. South Africa, kumene kuli msika waukulu wa okonda galimoto, salola mwachisawawa kulowetsa galimoto zogwiritsidwa kale ntchito. Otsala ndi anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo mwa iwo ofuna galimoto yongoisunga ndi owerengeka.

Phindulo udzaliyeza ndi chiyani? Apa ndi pamene ambiri timanamizika. Munthu amati ndinagula galimoto mtengo wakuti, patatha zaka zitatu ndagulitsa mowirikiza. Koma kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Manambala akwera, inde, koma tawerengani matumba a feteleza amene ndalama yoyamba ija ikanagula, muyerekeze ndi amene mungagule lero. Kawirikawiri mupeza kuti galimoto sinakwere, ndi kwacha imene yagwa. Pamwamba pake muchotsepo inshuwalansi, COF, matayala, mafuta ndi amakaniko a zaka zonsezo. Ng'ombe zija pa zaka zomwezo zaswana, zakoka ngolo, zapereka ndowe kumunda, ndipo tsiku la mavuto wogula amapezeka pamsika tsiku lomwelo.

Sindikunena kuti kwathu kuno kulibe galimoto zodzakhala zamtengo. Zilipo, kungoti si zaliwiro. Kuno galimoto imalemekezedwa chifukwa cha kupirira. Toyota Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inayamba mu 1984, siitsika mtengo mwachisawawa, ndipo ili ndi oifuna kuno ndi kunja komwe. Land Rover Defender yakale anasiya kuipanga mu 2016, ndipo kuyambira pamenepo zosamalika zikusakidwa. Nissan 1400, kapikapu kaja ka ku South Africa kamene kanatha mu 2008, kali ndi okakonda ambiri. Hilux zakale nazo n'chimodzimodzi. Ubwino wa izi ndi wakuti zimadzilipirira zokha: zimanyamula soya, mtedza ndi fodya uku zikukalamba, ndipo makaniko wa pa Namitete amazidziwa mkati ndi kunja.

Mwina muziseka, koma ndiikapo ndi Toyota Sienta. Lero ndi ya matola, timapanikizanamo ngati matemba. Chifukwa cha chimenecho, palibe imene idzafike zaka 30 ili yamphumphu. Mwana amene akuikwera lero popita kusukulu akadzakula, adzafuna kuonetsa ana ake galimoto imene inanyamula Malawi yense, ndipo adzaisowa. Ndi mmene inasowera 404 ya bambo anga. Nayonso pa nthawi yake inali galimoto wamba.

Mphwanga anakhala chete nthawi yaitali, akutembenuza foni m'manja. Kenaka anati, "Ndiye mukuti ndisagule, amalume?"

Ndinamuyankha kuti ndalama ndi yake, thukuta linali lake. Ngati mtima wake uli pa Altezza, agule podziwa kuti akugula chisangalalo, monga mmene wina amagulira suti kapena wailesi. Zimenezo si tchimo. Koma asagulitse ng'ombe n'kumadzinamiza kuti wasamutsira khola m'galimoto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo ngati akufunadi galimoto yoti idzamubwezere kanthu, afune pikapu yolimba, ya mapepala oongoka, ayimangire kachisakasa ka malata, asinthe oilo pa nthawi yake, asalole aliyense kuidula kapena kuisintha injini, ndipo asunge risiti iliyonse pamodzi ndi bulubuku.

Sanandiyankhe. Anangotola mtedza pang'ono n'kunyamuka. Mlongo wanga wandiimbira dzulo kuti ng'ombe zikadali m'khola, koma mnyamatayo sakundilankhula bwino. Zimenezo ndipirira.

Kwa inu amene muli ndi Datsun, Peugeot, Land Rover kapena Toyota Stout imene yagona kuseri kwa nyumba, pempho langa ndi limodzi. Ogula zitsulo akabwera ndi sikelo yawo, musafulumire. Ikwezeni pa njerwa, ifunditseni, thamangitsani nkhuku, fufuzani bulubuku, ndipo funsani kaye odziwa. Mwina ndi chitsulo chabe, mwinanso ayi. Ine sindinafunse, ndipo mukudziwa chimene anadya safunsa.

Mtengo wa mango uja ukadalipo. Ndikapita kumudzi ndimakhala pansi pake, pamalo pomwe pankagona 404 ya bambo.