Bwinja la ku Cardross Likutiimba Mlandu

Ku Cardross, m'dziko la Scotland, kufupi ndi mzinda wa Glasgow, kuli bwinja limene kale linali Seminale ya Petro Woyera. Adayamba kuimanga m'chaka cha 1961, naitsekula mu 1966, koma pofika 1980 Mpingo udaitseka. Zaka 14 zokha!

Alipo Akhristu ena amene amati akaona zithunzi zake amapukusa mitu, nati: "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamangidwe kachilendoka ndiko kadathamangitsa anyamata." Ife mau amenewa tikuwakana.

Amisiri aja, Isi Metzstein ndi Andy MacMillan, sadali osewera ai. Potsata nzeru za Le Corbusier, adasiya konkire poyera, osaibisa ndi utoto. Tizipinda ta ophunzira adatisanja mosanjikizana pamwamba pa tchalitchi ndi chipinda chodyera, kuti mnyamata agone, adye ndi kupemphera pansi pa denga limodzi, ndipo kuwala kotsikira pa guwa kudali kochokera kumwamba. Kodi chimenechi si chiphunzitso cholembedwa ndi simenti? Mu 1992 boma lidaika nyumbayi m'gulu loyamba la nyumba zoyenera kutetezedwa.

Sitikubisa zolakwa zake. Idayamba kudontha ikadali yatsopano, ndipo kuisamala kudali kodula. Koma kudontha sikudatsekepo seminale. Ambiri a ife tidaphunzira Chilatini mvula ikugwera m'ndowa pambali pathu.

Chidaipha nchina. Adaimangira ophunzira ngati 100, koma sidadzazepo ndi kamodzi komwe. Pamene amisiri adali kuthira konkire, Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano (1962-1965) udali kusintha zinthu. Maganizo atsopano adafuna kuti wophunzira unsembe akulire pafupi ndi anthu, osati kutali m'nkhalango. M'mbali mwa tchalitchi adamangamo timaguwa tambiri kuti wansembe aliyense azichita Misa payekha. Msonkhanowo udalola ansembe kuchitira pamodzi Misa pa guwa limodzi. Nyumba idakalamba isanabadwe. Ndipo anyamata ofuna unsembe adali kucheperachepera.

Apa mpamene bwinjali likutiimba mlandu ife tonse. Timakonda kuyesa mphamvu za Mpingo ndi njerwa. Tikasonkha ndalama za tchalitchi chachikulu timati tagwira ntchito ya Mulungu, pamene kunyumba mapemphero a madzulo adazirala kalekale. Mwana akati, "Ndikufuna unsembe," ndife oyamba kumufunsa kuti, "Nanga adzatisamala ndani?" Pajatu Msonkhano womwewo udaphunzitsa kuti banja lili ngati seminale yoyamba.

Inu makolo, nkhokwe yokongola siibala chimanga. Chimanga chimachokera kumunda. Tisaleke kumanga, ndipo timange zokoma, pakuti Mulungu sayenera zonyozeka. Koma tisanayale maziko tidzifunse: kodi m'nyumba zathu tikulera amene adzalowemo? Tikapanda kutero, adzukulu athu adzatema thengo m'makalasi amene ife tikunyadira lero.