Munda wa Mbumba Si Mbuzi Yamalonda

Alipo amuna ena amene agulitsa munda wa banja mwakabisira, nalandira ndarama zosatha ndi caka comwe. Iwo ati mundawo ngwao. Bodza lamkunkhuniza! Mwini mbumba ndiye msungi cabe. Munda anaulandira kuti adyeremo ana a alongo ace.

Makolo anadziwa kusunga. Nkhalango ya kumanda sanaiyandikize nkhwangwa, ndipo nkhanga ndi agwape anabisala m'menemo. Ku America alimi apangana ndi mabungwe osunga malo kuti munda usaduliridwe mapuloti, ngakhale utagulidwa ndi mlendo. M'Malawi lamulo la 2016 linalola banja kulembetsa malo ao pamodzi. Pamene maina a mbumba yonse ali pa kalata, malume mmodzi sangagulitse dimba usiku, alongo ace ali m'tulo.