ZA M'MINDA NDI M'MADZI: Mlimi Sadya Mbeu, Nanga Msodzi?

Mai ali yense wa ku Kanakantapa amene amagula ndiwo pamsika adziwa kuti kapenta salinso ndiwo za munthu wosauka monga analiri kale. Ndalama imene inali kudzaza mbale masiku ano ibwera ndi kamulu kokwana m'dzanja limodzi, ndipo nthawi zina kapentayo amakhala wamng'ono kotero kuti potsuka amapulumukira m'zala. Ambiri amaloza cala amalonda a ku Soweto Market mu Lusaka, ena amachula mtengo wa mafuta a galimoto. Zonsezi ziri ndi mbali yake, koma gwero la bvutoli liri kutali, pa madzi a Kariba, kumene asodzi acuruka koposa nsomba zimene akuzifuna.

Kapenta si mbadwa ya ku Kariba. Khoma la Kariba litatseka mtsinje wa Zambezi kumapeto kwa caka ca 1958, panabadwa nyanja yaikuru yotalika makilomita oposa 200, koma pakati pake panali ngati munda wosabzalidwa, cifukwa nsomba za mumtsinje zinazolowera kukhala m'mphepete. M'zaka za 1967 ndi 1968 akatswiri a Boma la Zambia anatenga tiana ta kapenta ku nyanja ya Tanganyika nakatithira m'madzi a Kariba kufupi ndi Sinazongwe. Mbeuyo inamera. Kutsidya, ku dziko limene tsopano lichedwa Zimbabwe, usodzi wa malonda unayamba m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuno ku Zambia unayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Pofika 1990 maiko awiriwa pamodzi anali kupha pafupi-fupi matani 30,000 pa caka.

Kapenta saphedwa ndi bwato ndi nkhafi ai. Amaphedwa usiku ndi zombo zacitsulo za injini zimene asodzi amazicha marigi. Combo cimatsitsa ukonde waukuru wozungulira pansi pa madzi, kenaka amayatsa nyali zowala kwambiri, ndipo kapenta akasonkhana pa kuwalako ukonde uja amaukweza ndi makina. Combo cotere cifuna ndalama zambiri, cotero eni ake kawiri-kawiri ndi makampani ndi anthu opata, pamene amene amacezera pa madzi usiku wonse ndi anyamata aganyu.

Poona kuti nyanja iri ndi malire ake, m'caka ca 1999 Zambia ndi Zimbabwe anapangana za kagawidwe ka usodziwu. Akatswiri anawerengera kuti madzi a Kariba angathe kusenza zombo 500, ndipo mwa zombo 100 ziri zonse, 55 zikhale za ku Zimbabwe ndi 45 za ku Zambia. Panalinso malamulo ena: combo cisaphe kapenta pa madzi osazama mamita 20, cisayandikire pa mathiriro a mitsinje, ndiponso zombo zizipumula pa masiku amene mwezi uli wathunthu. Cifukwa ca malamulowa ncosabvuta kumva. Tiana ta kapenta timakulira m'madzi osaya a m'mphepete, ndipo timapita pakati pa nyanja titakula. Wosodza m'mphepete ali ngati munthu wokolola cimanga cisanabereke.

Koma pangano la papepala silimadziteteza lokha. Pambuyo pa caka ca 2010 ciwerengero ca zombo cinapitirira 1,000, ndipo zocuruka zinali za mbali ya Zambia, zina zopanda ndi cilolezo comwe. Zombo zitacuruka, combo ciri conse cinayamba kubwera ndi matumba ocepa m'mawa. Mwini combo poona kuti mafuta ndi malipiro sizikubwerera, anayamba kukankhira anyamata ake kumadzi oletsedwa kuja, kumene kuli tiana. Motero kusowa kunabala kuswa lamulo, ndipo kuswa lamulo kunabala kusowa kwina. Zaka za cilala monga 2019 ndi 2024 zinaonjezera pa cironda, pakuti cakudya ca kapenta cimadalira madzi atsopano amene mitsinje imabweretsa m'nyengo ya dzinja.

Pa madzi amenewa pali magulu atatu, ndipo liri lonse liri ndi dandaulo lake. Eni zombo zazikuru amati olakwa ndi awo osodza popanda cilolezo ndiponso kusintha kwa nyengo. Asodzi a m'midzi, amene amachera maukonde ndi mabwato, amati zombo zimalowa m'malo ao ndi kudula maukonde ao usiku. Gulu lacitatu ndi la opha nsomba ndi mbedza mwa masewera, amene nsomba yao yapamtima ndi mceni, nsomba ya mano akuthwa imene pa Cingerezi amati tiger fish. Ku mbali ya Zimbabwe mpikisano wopha mceni unayamba m'caka ca 1962. Anthu a mbedzawa amadandaula kuti mceni wa ku Kariba umadya kapenta, cotero kapenta akacepa nawonso ucepa, ndiponso kuti maukonde ochera pa mathiriro amaugwira pamene ukukwera mitsinje kukaswana m'dzinja. Amadandaulanso ndi maukonde a ulusi wa pulasitiki amene akatayika m'madzi saola, koma amapitiriza kupha nsomba popanda wozidya.

Msodzi wa m'mudzi akamva zimenezi amayankha kuti mlendo wa mbedza amasodza cifukwa ca cisangalalo, pamene iye amasodza cifukwa ca njala ya ana ake. Yankho limeneli ndi loona ndipo siliyenera kupeputsidwa. Komabe mlendoyo ali ndi phindu lake. Kamtsinje ka Kanakantapa kamathira mu Chongwe, ndipo Chongwe amakathira mu Zambezi pa malire a nkhalango ya Lower Zambezi, imene inakhala malo osungirako nyama m'caka ca 1983. Kumeneko kuli misasa ya alendo imene imalemba nchito oyendetsa mabwato, ophika ndi otsogolera alendo. M'nkhalangoyo lamulo ndi lakuti nsomba yogwidwa ndi mbedza ibwezedwe m'madzi iri yamoyo. Mceni umodzi ungathe kugwidwa kangapo ndi kubweretsa ndalama kangapo, koma ukalowa mu ukonde umagulitsidwa kamodzi kokha. Mceni ukatha, alendo aleka kubwera, ndipo woyamba kucotsedwa nchito ndi mwana wa m'mudzi.

Ena amaganiza kuti madzi akuru sangathe nsomba. Anthu a ku Newfoundland m'dziko la Canada analinso kuganiza cimodzimodzi. Kwa zaka mazana iwo anali kupha nsomba yochedwa cod m'nyanja yamcere ndi mbedza ndi mabwato ang'ono. Kenaka kunabwera sitima zikuru-zikuru zokoka makoka pansi pa nyanja, zosesa zazikuru ndi zazing'ono zomwe, usana ndi usiku. Asodzi a mabwato anacenjeza kuti nsomba zikucepa ndi kufupika, koma mau ao sanamveke msanga, cifukwa sitimazo zinali kubwerabe zodzaza. M'caka ca 1992 boma la dzikolo linatseka usodziwo, ndipo anthu pafupi-fupi 30,000 anataya nchito. Usodzi wa malonda wa nsombayi kumeneko unatsegulidwanso m'caka ca 2024, patapita zaka 32, ndipo mwa pang'ono cabe. Akuru-akuru anati madzi akatayika saoleka.

Pali citsanzo cina ca pafupi cimene cipatsa ciyembekezo. Pa cisumbu ca Mbenji m'nyanja ya Malawi, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima, anthu akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nyengo yotseka ikafika, asodzi onse amacoka pa cisumbupo, ndipo amabwerera mfumu ikatsegula. Lamulolo linacokera kwa eni dera, ndipo wolakwa amaweruzidwa ndi anthu omudziwa. Nchifukwa cake Mbenji achuka ndi nsomba ngakhale m'zaka zimene madoko ena akulira.

Kuno ku Zambia lamulo lotere liripo. Pansi pa lamulo la za nsomba la 2011, caka ciri conse kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale usodzi umatsekedwa m'madera ambiri, monga Kafue, Bangweulu ndi Mweru, kuti nsomba ziswane. Nyanja ya Kariba siiri m'gulu limeneli, ndipo ndico cifukwa cake malamulo a kuzama kwa madzi ndi ciwerengero ca zombo ali ofunika kwambiri kumeneko. Pa nyanja ya Tanganyika, kumene kumacokera kapenta wa ku Mpulungu, Zambia inatseka usodzi kuyambira pa 15 Meyi kufikira pa 15 Ogasiti m'caka ca 2023. Pa nthawi ya ciletso, wonyamula nsomba za malonda ayenera kukhala ndi kalata yocokera ku Dipatimenti ya za Nsomba yosonyeza kumene nsombazo zacokera.

Kodi zonsezi zimkhudza bwanji mlimi wa ku Kanakantapa, amene mwina sanaonepo Kariba ndi maso? Malo amenewa anatsegulidwa ndi Boma m'caka ca 1988 kuti acinyamata osowa nchito m'tauni apeze minda, ndipo amene anakhazikika pamenepo anaphunzira msanga kuti njala ingawawe bwanji, nkhokwe ya mbeu siikhudzidwa. Nzeru yomweyo ifunika pa madzi. Mvula yoyamba ikagwa, milamba ndi matemba zimakwera timitsinje ndi madambo ziri ndi mazira m'mimba. Amene amatseka kamtsinje konse ndi miono pa nyengo imeneyo, amene amakoka neti ya udzudzu yocokera kucipatala, ndi amene amathira katupe kapena mankhwala a thonje padziwe, acita pa kamtsinje kao comwe cija zombo zicita pa nyanja. Kusiyana kwake ndi kukula cabe. Kuonjezera apo, neti ikapita kudambo, mwana amagona pa udzudzu, ndipo madzi othiridwa mankhwala ndi omwewo amene ng'ombe ndi anthu a kumunsi amamwa.

Wogula nayenso ali ndi mphamvu. Nsomba zogwidwa mobisa m'nyengo ya ciletso zimafika pamsika cifukwa pali wozigula. Banja limene lifuna nsomba m'dzinja lingathe kugula zoweta, ndipo amene ali ndi malo osaphwa madzi angathe kukumba dziwe ndi kufunsa alangizi a za nsomba a m'boma la Chongwe za kumene angapeze mbeu yabwino ndi kadyetsedwe kake. Gaga ndi manyowa a nkhuku, zimene zipezeka pakhomo pali ponse, zimathandiza kulera nsomba m'dziwe.

Nchito yaikuru iri m'manja mwa olamulira: kuwerenga zombo moona, kucotsa pa madzi zimene ziribe cilolezo, kupatsa alonda a pa nyanja mabwato ndi mafuta, ndi kumva dandaulo la msodzi wa bwato ndi la munthu wa mbedza nthawi isanathe, pakuti kawiri-kawiri iwowa ndiwo amayamba kuona kuti nsomba zikufupika. Koma mutu umodzi susenza denga. Anyakwawa, aphunzitsi ndi makolo a ku Kanakantapa angathe kupangana okha kuti kamtsinje kao kapumule m'miyezi ya kuswana, monga anacitira anthu a ku Mbenji, ndipo Disembala asanafike nkhaniyi iyenera kukambidwa pabwalo.